Fani ya Galimoto Ikaleka Kuzungulira

Galimoto ya kopaletivi ndi yathu tonse. Imabweretsa mbewu ndi feteleza. Imapita ndi chimanga, mtedza ndi fodya ku msika. Mnzathu akadwala usiku, ndi yomweyo imene imathamangira naye ku chipatala.

M'galimoto muli fani yaing'ono. Ena amati faniyo ndi yongosangalatsa dalaivala. Si choncho ayi. Kuno ku Chifunde mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi. Ikamagwa timatseka mazenera, ndipo galasi la kutsogolo limachita nthunzi. Fani ndiyo imauzira mphepo pagalasipo kuti liyere. Ikafa, dalaivala saona bwino. Tikumbuke kuti pa msewu wochokera ku Tete kupita ku malire a Cassacatiza pamayenda malole, njinga, ng'ombe ndi ana a sukulu.

Njira ya moto

Tonse timadziwa ngalande ya kudimba. Madzi akapanda kufika pa bedi la kabichi, sitizula kabichiyo. Timatsata ngalande kuyambira ku mtsinje, kufuna pamene patsekeka.

Moto wa magetsi ulinso ndi ngalande yake. Umachoka mu batire, n'kudutsa pa fyuzi, pa swichi, pa rezisita ndi pa mota ya fani, kenaka n'kubwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto. Njirayi ikaduka pamalo amodzi okha, fani imaima. Choncho tisathamangire kugula mota yatsopano. Tiyambe ndi chinthu chotsika mtengo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba: fyuzi

Fyuzi ndi mlonda. M'kati mwake muli kachitsulo kopyapyala. Moto ukachuluka, kachitsuloko kamasungunuka kuti mawaya asapse.

Tizimitse galimoto ndi kuchotsa kiyi. Bokosi la mafyuzi limakhala m'munsi, pafupi ndi mapazi a dalaivala. Lina limakhala pafupi ndi injini. Pa chivundikiro pamalembedwa ntchito ya fyuzi iliyonse. Ya fani imalembedwa HEATER, HTR kapena BLOWER. Tiizule ndi kuiyang'ana padzuwa. Ngati kachitsulo kaduka, fyuzi yapsa.

Fyuzi iliyonse ili ndi nambala. Pa mafyuzi aang'ono a mano awiri, yofiira ndi 10, ya buluu ndi 15, yachikasu ndi 20, ya mtundu wa msipu ndi 30. Koma tisadalire mtundu wokha. Tiwerenge nambala. Pamene panali 20, tiikepo 20.

Anzathu, tisamange waya, msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu m'malo mwa fyuzi. Fani idzazungulira, inde, koma mlonda sadzakhalapo. Mawaya akatentha, moto umabuka pansi pa chiongolero, ndipo kumbuyo tanyamula mabelo a fodya a chaka chonse.

Fyuzi yatsopano ikapsanso, tisaike ya nambala yaikulu. Fyuziyo ikutiuza kuti pena pake waya wasendeka ndipo wakhudza chitsulo, kapena mota ikuzungulira molemera.

Chachiwiri: rezisita ndi swichi

Swichi ya fani ili ndi malo atatu kapena anayi. Tiyese malo onse. Ngati fani ikuzungulira pa nambala yomaliza yokha, mota ili bwino. Chapsa ndi rezisita.

Rezisita ndi kachipangizo kochepetsa moto kuti fani iziyenda pang'onopang'ono. Pa nambala yomaliza moto suidutsa, n'chifukwa chake fani imayendabe pamenepo. Rezisita imakhala pafupi ndi fani, m'njira ya mphepo, poti mphepoyo ndi imene imaiziziritsa. Njira ikatsekeka, imatentha mpaka kupsa. Tikaika yatsopano osachotsa zotsekazo, nayonso idzapsa.

Chachitatu: mawaya

M'magalimoto ambiri, monga Toyota Hilux, fani ili m'munsi kumanzere, kutsogolo kwa mawondo a wokwera. Misewu yathu ya mabampu imagwedeza mawaya mpaka pulagi kumasuka. Chinyezi chimabweretsa dzimbiri. Makoswe nawo amatafuna mawaya. Tiyang'ane pulagi: kodi yada kapena yasungunuka? Kodi pakumveka fungo la chinthu chopsa?

Moto sitiuona ndi maso, koma tingathe kuuyesa. Titenge babu laling'ono la mavolti 12, tilumikize mawaya awiri. Malole ambiri akuluakulu amagwiritsa ntchito mavolti 24, ndipo amafuna babu la 24. Tizule pulagi ya mota, titsegule kiyi, swichi tiike pa nambala yomaliza. Waya mmodzi alowe m'bowo limodzi la pulagi, wina m'bowo linalo. Tisamale kuti asakhudzane.

Babu likayaka, moto ukufika, ndipo vuto lili m'mota. Likapanda kuyaka, njira yaduka kwina: pa waya, pa swichi kapena pa kabokosi kotchedwa rileyi. Apa tiitane makanika.

Chachinayi: mota

Swichi ili chiyatsire, tigogode mota pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Ikadzuka n'kuzungulira, ndiye kuti timakala ta m'kati, totchedwa mabulashi, tatha. Kugogoda si kukonza. Tiuze komiti lero lomwe kuti ikonze ndalama.

Tisanamasule mota, tichotse waya wa pa batire wokhala ndi chizindikiro cha kuchotsera (−). Kenaka tizungulitse fani ndi chala. Iyenera kuyenda mopepuka. Kawirikawiri timapezamo masamba, mankhusu, fumbi, ngakhale chisa cha khoswe.

Kupewa

Mphepo imalowera pa timabowo ta m'munsi mwa galasi la kutsogolo. Tizisesapo sabata iliyonse. Tisapunthire chimanga kapena kupeta pafupi ndi galimoto. Tisasiye zakudya m'kati usiku, chifukwa zimaitana makoswe. Tiyese fani mu Okutobala, mvula isanayambe. M'galimoto muzikhala mafyuzi apadera ndi nsalu youma yopukutira galasi.

Tikhalenso ndi kope la galimoto. Tizilembamo tsiku, chimene chinaonongeka, nambala ya fyuzi ndi ndalama zimene zapita. Pa msonkhano mlembi aziwerenga kopelo pamaso pa onse. Tinaphunzira kuwerenga kuti tizitha kusamala chuma chathu tokha.

Tikambirane

1. Kodi fani imathandiza bwanji nthawi ya dzinja?
2. Fyuzi yofiira yapsa. Tikagule ya nambala yanji?
3. Fani ikuyenda pa nambala 4 yokha. Chaonongeka n'chiyani?
4. Chifukwa chiyani sitimanga waya m'malo mwa fyuzi?

Tilembe m'makope mwathu: batire, fyuzi, swichi, waya, mota.