"Anthu adzati chiyani?" Mafilimu a magule akutiulula ku Chigwa cha Shire

Mukafika pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula masana a mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo, simufunsa kumene kuli vidiyo. Mkuzamawu wokha ukuitanani. Kanyumba ka malata, mabenchi a matabwa, anthu thukuta lili kamukamu, maso onse ali pa kanema.

Filimu ya nkhonya ndi mfuti anthu amaonera, kukuwa, kuimba mluzu, akatuluka n'kuiwala. Koma ikakhala ya banja, mwana akufuna chake bambo akukana, pamenepo ndiye pamabuka mkangano. Uyu akuti mwanayo ngwamwano, uyo akuti ayi, mdalayo ndiye wankhanza. Nkhani imakathera pa chiwaya cha tchipisi.

Sabata ino tatenga mafilimu anayi a magule ndi mabanja. Ena munawaonera kale, ena mukawafunefune. Tikufuna tiwaike pa sikelo ya akatswiri a kaganizidwe ndi khalidwe la munthu akakhala pagulu, maphunziro amene azungu amawatcha social psychology. Musathawe dzinalo, abale. Zomwe anapeza akatswiriwa agogo athu ankazidziwa kale. Kusiyana kwake n'koti iwo anazichita kuyesa ndi kuwerenga.

MNYAMATA WOSIYA NKHONYA

Filimu ya Billy Elliot inatuluka m'chaka cha 2000. Nkhani yake ikuchitikira ku County Durham, kumpoto kwa England, nthawi ya sitalaka ya anthu a m'migodi ya malasha ya 1984 mpaka 1985. Billy ndi mnyamata wa zaka 11, mayi ake anamwalira. Bambo ake amamupatsa kandalama koti azikaphunzira nkhonya, koma iye akuzemba n'kumakalowa kalasi ya gule wa ballet, mmene muli atsikana okha okha.

Bambo atazindikira, moto buu! Koma taonetsetsani, mdalayu sakudana ndi gule weni weniyo. Akuopa maso a anzake a ku mgodi. Mwana wa mwamuna, wa m'banja la okumba malasha, azivina gule wa atsikana? Anthu adzati chiyani?

Funso limeneli analiyesa mkulu wina wa ku America, Solomon Asch, m'chaka cha 1951. Ankasonkhanitsa anyamata a pa koleji m'chipinda n'kuwaonetsa mizere yojambula pa makadi, kuti anene mzere wofanana kutalika ndi unzake. Funso losavuta, ngakhale mwana wa Sitandade 1 akhoza. Chinsinsi chinali choti onse m'chipindamo, kupatula mmodzi, anali atapangana kale kuti aziyankha zabodza.

Zotsatira zake n'zochititsa manyazi. Anthu atatu mwa anayi aliwonse anatsatira bodza la gulu kamodzi kapena kuposa apo, maso awo akuona choonadi. Pafupi fupi yankho limodzi mwa atatu aliwonse linali lotsatira gulu. Koma akawafunsa paokha, osamva za anzawo, olakwitsa sankafika n'komwe mmodzi pa 100.

Ndiye ngati munthu angakane maso ake chifukwa cha mizere yopanda pake, nanga bwanji bambo amene akudziwa kuti mawa akakumana ndi anzake pa bawo?

Koma Asch sanalekere pomwepo. Anaika m'gulumo munthu mmodzi woti aziyankha zoona. Mmodzi yekha basi. Kutsatira bodza kuja kunatsika kufika pafupi mayankho 5 pa 100. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndiyo msana wa mafilimu onsewa.

Kwa Billy, mmodziyo anali mphunzitsi wake wa gule, mayi Wilkinson. Kenaka anadzakhala bambo ake omwe aja, atamuona usiku wina wa Khirisimasi akuvina pamaso pawo mopanda mantha. Bambo atatembenuka mtima, anzawo a ku mgodi amene ankaopedwa aja ndi omwe anasonkha ndalama zothandizira ulendo wa mwanayo wokayesedwa ku Royal Ballet School ku London. Anthu aja amati adzaseka, sanaseke.

IFE NDI IWO

Filimu yachiwiri ambiri mukuidziwa: Sarafina! ya 1992, mmene Leleti Khumalo akuvina ndi kuimba ndi anzake a sukulu ku Soweto pa nthawi ya tsankho. Ambiri timakumbukira magule ndi apolisi, koma timaiwala mayi ake a Sarafina, amene anasewera ndi Miriam Makeba. Mayiwa amagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu, kulera ana a eni, awo ali kwaokha. Sarafina akuwanyoza kuti ndi amantha, ogonjera adani. Mpaka atalawa ndende m'pamene akubwerera kwa mayi ake ndi ulemu, atazindikira kuti nawonso ankamenya nkhondo yawo mwakachetechete.

N'chiyani chinamuchititsa khungu mwanayu? Henri Tajfel, katswiri wa pa yunivesite ya Bristol ku England, anayesa zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Anagawa anyamata a sukulu m'magulu awiri pa chifukwa chachabechabe, monga zithunzi zimene wina wakonda. Atawauza kuti agawe ndalama, aliyense ankakondera a gulu lake, anthu oti sakuwadziwa n'komwe. Munthu akangomva kuti pali "ife" ndi "iwo", mtima umapendekeka wokha. Sarafina anali ataika mayi ake omubala ku mbali ya "iwo".

Kodi zimenezi n'zachilendo kwathu kuno? Ndi ana angati a ku Nsanje amene akangooloka mlatho wa Kamuzu pa Chikwawa, n'kukwera zitunda za pa Thabwa kulowera ku Blantyre, Chisena amachisiya m'basi momwemo? Kuyambira 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, ziyankhulo zina zinakankhidwira kukhonde, ndipo Chisena chinadzamveka pa nkhani za wailesi ya MBC utatha ulamuliro wa chipani chimodzi. Bala limenelo silinapole kwa ena. Mwana wa ku sekondale amavina gule wa ku Nigeria kapena wa ku Joni pa ukwati mpaka mbandakucha, koma ikalira valimba, akayamba utse kapena likhuba, iye manja m'thumba, ati n'zachimidzi. Amene akuvinawo ndi mayi ake.

KULETSA GULE, KUKAKAMIZA GULE

Filimu yachitatu ndi Footloose ya 1984. Mnyamata wochokera ku Chicago, amene anasewera ndi Kevin Bacon, akufika m'tauni yaing'ono mmene kuvina n'koletsedwa ndi lamulo. Wotsogolera chiletsocho ndi m'busa Shaw Moore, amene mwana wake wamwamuna anafa pa ngozi ya galimoto pochokera kokasangalala. Chisoni cha bambo mmodzi chinasanduka lamulo la tauni yonse, ndipo anthu ankangomvera poti wanena ndi abusa. Olemba filimuyi anatengera tauni yeni yeni ya Elmore City ku Oklahoma, kumene ana a sukulu anadzaloledwa kuchita dansi yawo yoyamba mu 1980.

Za kumvera wamkulu mosafunsa anaziyesa Stanley Milgram pa yunivesite ya Yale kuyambira 1961. Munthu wovala ngati dokotala ankauza anthu wamba kuti azimenya mnzawo ndi magetsi akalakwitsa funso, mphamvu yake n'kumakwera. Magetsiwo anali abodza ndipo wolirayo ankangonamizira, koma omenyawo sankadziwa. Mwa anthu 40, anthu 26 anafika pa mlingo womaliza wa ma volt 450. Koma atawaikira anzawo awiri amene anakana kupitiriza, ofika kumapeto anangokhala anayi okha mwa 40.

Ife a Malawi tisaseke azungu a mu Footloose. Iwo ankaletsedwa kuvina, ife tinkakakamizidwa. Amayi a mbumba ankasiya mabanja, ana ndi minda masiku angapo kukakonzekera kuvinira Ngwazi, atavala nsalu ya nkhope yake. Ena ankavina ndi mtima wonse, zoona, koma wosafuna analibe pothawira, ndipo mwamuna wodandaula ankadziwa kuti a Payoniya ndi achiswe sali patali. Aliyense ankaona mnzake akumwetulira m'bwalo n'kumaganiza kuti wotopa ndi iye yekha.

Ndani anakhala "mmodzi" wa Asch uja? Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe n'kumangidwa. Pofika pa 14 June 1993, pa riferendamu, pafupi fupi anthu awiri mwa atatu aliwonse anasankha matipate. Anthu onsewo sanasinthe maganizo m'miyezi 15 ayi. Ambiri anali nawo kale, ankangodikira woyamba kutsokomola.

Mu Footloose namonso woyamba kutsokomola ali m'nyumba mwa m'busa momwemo: mkazi wake. Ndi mayiyu amene akuuza mwamuna wake kuti mantha ake akumutayitsa mwana wamkazi amene watsala.

NJINGA YA BAMBO

Yachinayi ndi yathu yathu, The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, imene anakonza Chiwetel Ejiofor pa mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Muli Chichewa, ndipo Gule Wamkulu, yemwe a Mang'anja a ku Chikwawa akumudziwa bwino, akutulukira pa maliro koyambirira ndi kothera kwa filimuyi, ngati mboni ya makolo pa zomwe ana awo akuchita.

William akupempha njinga ya bambo ake kuti aidule apangire makina a mphepo. Bambo akukana mwaukali. Njinga ndiye chuma chotsala, komanso bambo wanji amene angamvere mwana wothamangitsidwa sukulu chifukwa cha fizi? Amene akuthyola khosi la mdalayu si mfumu, si mphunzitsi, koma mkazi wake, amene akumuwerengera zonse zomwe banja lataya chifukwa cha kuuma mutu. Njinga ikudulidwa, madzi akutuluka m'chitsime. Pamenepa a filimu anakometsako, poti makina oyamba a William weni weni ankayatsa mababu, opopa madzi anadza pambuyo. Koma phunziro lake silisintha.

NANGA KWATHU?

Tisanamizane, gulu si mdani nthawi zonse. Mutu umodzi susenza denga. Madzi osefukira a mu January 2015 ndi a namondwe Freddy mu March 2023 anationetsa kuti m'chigwa muno wopanda anzake sapulumuka. Gule yemwe amamanga anthu: akatswiri a ku Oxford anapeza mu 2015, poyesa achinyamata a ku Brazil, kuti ovina mogwirizana mapazi amamva kuyandikana kwambiri ndipo amapirira ululu kuposa ovina aliyense zake. Ndipo ngakhale kwa Asch kuja, munthu mmodzi mwa anayi sanagonjere bodza ndi kamodzi komwe.

Vuto limadza pamene gulu lonse likuchita chinthu chimene ambiri mumtima sakuchifuna. Mtsikana wa Sitandade 7 akukwatiwitsidwa, pamene kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati ukwati ndi zaka 18. Mayi wamasiye akuuzidwa za kupita kufa m'masiku ano a Edzi. Mukawatenga achibale mmodzi mmodzi kuseri kwa nyumba, ambiri akuuzani kuti iwo sakugwirizana nazo, koma nanga atani, anthu adzati chiyani? Akabwerera pa mphasa onse ali duu, aliyense kuopa mnzake amene nayenso akuopa.

Lamulo lili m'mabuku ku Lilongwe, koma pa mphasa ya banja sipakhala loya. Pamakhala inu atsibweni kwa a Mang'anja, inu azakhali ndi abambo aang'ono kwa a Sena, inu agogo amene mawu anu sabwezedwa. M'mafilimu onse anayi aja mwana sanapambane chifukwa choti anali wamakani kuposa akulu. Anapambana, kapena anatseguka maso, chifukwa munthu mmodzi wamkulu wapafupi naye anaima chilili pamene ena onse anakhala pansi.

Tsono ulendo wina mukakalowa mu vidiyo pa Nchalo, musamangoyang'ana miyendo ya wovinayo. Muyang'ane amene akhale woyamba kuomba m'manja. Ndipo ikadzafika nkhani ya mwana wa mlongo wanu pa mphasa, onse atazolika mitu, mudzakumbuke kuti a Asch anapeza kuti safunika anthu khumi. Mmodzi akwana.