KUSAMALA FETELEZA WOBEREKETSA PA NTHAWI YA MTENGO WOKWERA

Kwa inu mafumu a midzi, ndi alimi nonse a cimanga ndi mapira.

Mudziwa nonse kuti mtengo wa feteleza unakwera m'caka ca 2021, nukweranso m'caka ca 2022 pamene inakula nkhondo ya Russia ndi Ukraine. Ndipo m'mwezi wa Novembala 2023 Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 mwa 100. Mtengowo sitingathe kuutsitsa ife a kumudzi. Cimene tingathe ndico kuonetsetsa kuti feteleza amene tagula wadyedwa ndi mbeu zathu, wosatayika cabe.

M'feteleza muli cakudya ca mbeu, dzina lace naitirojeni. Cikasowa, masamba a m'munsi asanduka acikasu, ndi zisononkho zicepa. Thumba la Urea la makilogalamu 50 liri ndi makilogalamu 23 a cakudyaci, koma la CAN liri ndi 13 kapena 14 okha. Cifukwa cace pogula musayang'ane mtengo wa thumba wokha, koma lingaliraninso za m'kati mwace.

Tsono cakudyaci ciri ndi akuba atatu.

Woyamba ndiye mpweya. Urea akasiyidwa pamwamba pa nthaka, dzuwa liri kutentha, gawo lace lisanduka mpweya ndi kuuluka. Cotero bayani kadzenje kakuya ngati cala, patali ngati cikhatho kucokera pa phata la cimanga. Thiranimo feteleza, nimukwirire. Citani izi nthaka iri yonyowa, osati youma iai.

Waciwiri ndiye mvula yambiri. Madzi atsitsa cakudyaci pansi pamene mizu siifika, makamaka m'dothi la mcenga. Musathire mitambo italengeza cimvula, kapena madzi atadikha m'mizere. Wokulitsa thirani pobzala, kapena cimanga citangomera. Wobereketsa thirani patapita masabata 3 kapena 4 cimerere. Amene adikira kufikira ngaiyaye zitaturuka wataya ndalama zace, pakuti kukula kwa cisononkho kukonzeka kale cimanga cisanamasule.

Wacitatu ndiye udzu. Udzu nawonso udya feteleza, ndipo udya msanga koposa cimanga cacing'ono. Yambani mwapalira, ndipo pambuyo pace thirani. Kaufiti muzule asanacite maluwa.

Ngati feteleza wanu sakwanira munda wonse, muike pa cigawo cimene munabzala ndi mvula yoyamba, cimene cinamera bwino, ndi cimene mudzatha kucipalira. Kwinako bzalani mtedza, soya, khobwe kapena nandolo. Mbeu izi ziri ndi timatuza ku mizu yace, m'mene naitirojeni wa mumpweya asonkhana; ndipo masangwi ace akaolerana m'munda, cimanga ca caka camawa cipindula. Manyowa a m'khola nawonso athandiza nthaka kusunga cinyezi ndi cakudya. Mtengo wa msangu musaudule, popeza uyoyola masamba ace nthawi ya dzinja, nudyetsa cimanga ca pansi pace.

Inu mafumu, sonkhanitsani anthu anu mvula isanagwe, muwawerengere mau awa. Letsani kutentha mapesi ndi masangwi, pakuti naitirojeni amene ali m'menemo apita ndi utsi. Nkhokwe ikatha m'mwezi wa Januwale, ndi kwa inu kumene anthu adzadza kudzadandaula. Wakutsina khutu ndi mnansi.