Chidebe chidikire, fulaye athe kaye

Pa 11 June dziko lonse lapansi limakumbukira tsiku la masewera a ana, lomwe linayamba mu 2024. Pa Chinakanaka m'boma la Mulanje tsikuli limadutsa mwakachetechete, koma mkangano wake ulipo m'makomo: kodi mwana wa m'banja losauka ayenera kupatsidwa nthawi yosewera?

Kuseri kwa msika, pabwalo lafumbi, atsikana akusewera fulaye dzuwa litapendeka. Pakati pali mtsikana wa zaka ngati 11, wopanda nsapato, yunifomu yake yong'ambika kukhwapa, chitenje atamanga m'chiuno. Mpira wa majumbo ukamubwerera amadumpha, kuwerama, kupotoza thupi, ndipo ukangomuphonya amagwada msangamsanga n'kuthira mchenga m'botolo. Thukuta likuyenderera m'masaya, fumbi lafika m'maondo, anzake akukuwa dzina lake. Pansi pa mtengo wa mango pagona khanda lakwawo, ndipo pambali pake pali chidebe cha malita 20 chopanda madzi. Anamutuma kumjigo. Mawu a mayi atamveka kuchokera kuseri kwa nyumba, mtsikanayo anasiya botolo lisanadzaze, n'kubereka mwana, n'kunyamula chidebe.

Makolo ambiri kuno saona vuto. Amati mwana woyenda wapansi kupita kusukulu, wotunga madzi, wotola nkhuni, wopita kuchigayo ndi kukapalira nandolo, thupi lake lagwira kale ntchito yokwanira. Ena amawonjezera mfundo yovuta kuitsutsa: masewera amabweretsa njala, ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ufa umakhala wowerengera. Mwana wothamanga tsiku lonse amafuna nsima yomwe m'nyumba mulibe.

Aphunzitsi ena akuona mosiyana, ndipo ine ndili mbali yawo. Akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 patsiku, zomwe zimathamangitsa mtima. Madzi a malita 20 amalemera makilogalamu 20. Kuwasenza pamutu kumalemetsa khosi ndi msana wa mwana yemwe akukula, pamene fulaye, phada, chipako ndi mpira wamanja zimaphunzitsa changu, kudikira nthawi yako, kugonja ndi kuyambanso. Mfundo ya njala ndi yoona, koma yankho lake ndi phala la kusukulu, osati kumuletsa mwana kudumpha.

Chowawa n'chakuti katundu wa ntchito zapakhomo sagawidwa mofanana. Mnyamata akaweruka amatha kusowa mpaka mdima, ali kubwalo ndi chikulunga, osafunsidwa. Mtsikana akachedwa pang'ono amatchedwa waulesi. Kusukulu masewera ali m'phunziro la Expressive Arts, koma mphunzitsi mmodzi wa kalasi yodzaza, wokhala ndi mpira umodzi, nthawi zambiri amangolemba pabolodi. Mayeso a Sitandade 8 akayandikira, nthawi ya kubwalo ndi yoyamba kudyedwa.

Anyamatanso ayamba kusintha. Loweruka masana ambiri amapanikizana m'tinyumba toonetsa mpira wa ku England, atalipira ndalama ya ganyu. Ena amatulukamo n'kukayesa pabwalo zomwe aonazo, zigoli zawo zili njerwa ziwiri, ndipo wopanga chikulunga cholimba ndiye amasankha timu.