Maluwa Ophuka Mvula Itatha

Mvula ikalekeza m'mwezi wa Epulo, makomo athu ambiri amasintha maonekedwe. Maluwa amene tidabzala m'Disembala amayoyoka, udzu umauma, ndipo pofika Julayi pabwalo pamatsala fumbi lokha limene mwera umalowetsa m'nyumba. Komatu nyengo imeneyi ndiyo ya alendo. Tikatha kukolola m'pamene timachita zinkhoswe, kumanga maukwati ndi kuyendera abale. Tsono tsiku la ukwati litayandikira timadzidzimuka kuti pakhomo palibe duwa ndi limodzi lomwe loika pa tebulo, nkuyamba kutaya ndalama pa maluwa a pulasitiki. Cholakwa ndi chathu, pakuti timabzala maluwa a dzinja okha, kuiwala kuti ilipo mitundu ina imene imadikira mvula ithe kuti iphuke.

Woyamba mwa mitundu imeneyi ndi poinsettia, chitsamba chija chimene nsonga zake zimafiira psuu m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi. Kwawo ndi ku Mexico, ndipo dzina lake lidachokera kwa Joel Poinsett, kazembe wa dziko la America kumeneko, amene adatumiza mbewuyi kwawo m'chaka cha 1828. Ambiri timayesa kuti zofiirazo ndiwo maluwa, koma ndi masamba chabe. Maluwa enieni ndi timibulu tachikasu tapakati. Chimene chimafiiritsa masambawo ndi kutalika kwa usiku. Kuno kwathu usiku umayamba kuposa usana kumapeto kwa Malichi, ndipo pakapita masabata 8 kapena 10 chitsambacho chimakhala chitafiira. N'chifukwa chake ku Ulaya chimafiira pa Khirisimasi, pamene ife timachiona pa nyengo ya chisanu. Mabanja a m'tauni adziwe kuti poinsettia wobzalidwa pansi pa getsi loyaka usiku wonse safiira bwino, popeza mdima wake umadukizidwa.

Kubzala kwake n'kosavuta. Masamba akayoyoka m'Ogasiti kapena Seputembala, tidulire chitsambacho, ndipo nthambi zodulazo tizidule m'zidutswa za masentimita 30. Tiziike pamthunzi tsiku limodzi kuti utomoni uume, kenaka tizizike m'dothi lachinyontho. M'dzinja tizitsina nsonga kuti nthambi zichuluke, koma tileke kumapeto kwa Febuluwale. Ana tiwachenjeze kuti utomoni wake woyerawo umayabwa pakhungu ndipo umapweteka ukalowa m'maso.

Wachiwiri ndi deliya, amene ambiri timamuyesa tchire chifukwa amamera yekha m'mbali mwa misewu. Nayenso adachokera ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Maluwa ake achikasu amadzaza mpanda wonse mvula ikamatha, ndipo masamba ake amawola msanga nasanduka manyowa abwino a ndiwo zamasamba. Koma deliya safuna kumulekerera. Maluwa akafota timudule njere zisanamwazike, kuopa kuti angalande dimba lonse.

Mitundu ya aloe, ya masamba onenepa aminga m'mbali, ndi yathu ya konkuno, ndipo imamera m'matanthwe a m'mapiri mwathu. Umodzi mwa iyo akatswiri adautcha Aloe cameronii m'chaka cha 1903, potsata dzina la Kenneth Cameron amene adautumiza ku munda wa Kew ku Mangalande kuchokera m'dziko muno. Masamba ake amafiirira dzuwa likawomba, ndipo pa nyengo yozizira umatulutsa phesi lalitali la maluwa ofiira. Timbalame ta milomo yaitali timabwera m'mamawa kudzayamwa madzi otsekemera a m'maluwawo, ndipo ana amaphunzirapo zambiri pongoyang'ana. Aloe amasunga madzi m'masamba mwake, chotero safuna kuthirira. Mbewu yake tipemphe mphukira kwa anansi, tisakazule ya kuphiri.

Chilimwe chikafika pachimake, bougainvillea ndiye amakometsa khomo. Azungu adamuona ku Rio de Janeiro m'dziko la Brazil m'chaka cha 1767, pa ulendo wa panyanja umene ankatsogolera Louis Antoine de Bougainville. Khalidwe lake ndi lodabwitsa: tikamuthirira kwambiri ndi kumupatsa manyowa ochuluka amangochita masamba obiriwira, koma akamva ludzu padzuwa m'pamene amavala zofiira, zoyera kapena zachikasu. Minga yake imathandizanso kutseka mpanda. Pambali pake tingazike muwale, mtengo wathu umene umatulutsa maluwa ofiira uli wopanda masamba, mvula isanagwe. Nthambi yaikulu ya muwale ikazikidwa pansi imaphuka mizu ngati mmene amachitira chinangwa.

Wina angafunse kuti, kodi maluwa amadyedwa? Funsoli n'loyenera pa banja limene likulimbana ndi chakudya. Yankho lake lili pa njuchi. M'miyezi youma maluwa a kutchire amachepa, makamaka kumene lupsa ladutsa, ndipo njuchi ndi tizilombo tina touluka timavutika kupeza chakudya. Tizilombo tomweti ndito timanyamula ufa wa m'maluwa kuti mango, mapapaya ndi maungu a kudimba abereke. Khomo lokhala ndi maluwa m'Juni ndi Julayi limasunga antchito amenewa pafupi ndi mitengo yathu ya zipatso.

Adani a maluwa a nyengo ino timawadziwa. Tikakolola timatayirira mbuzi, ndipo mbuzi yanjala siisiya kamtengo kanthete. Chotero mbewu iliyonse yatsopano tiitchingire ndi bango kapena minga kufikira itakula. Tilambule udzu wouma kuzungulira mpanda kuti moto usafike. Za madzi, sitikupempha amayi kuonjezera maulendo a kuchitsime ayi. Madzi otsukira ndiwo ndi otsukuluzira mbale akwanira, makamaka tikaphimbira patsinde ndi udzu kapena makoko a mtedza kuti chinyontho chisathawe. Chophimbiracho chisakhudze tsinde, kuopa chiswe. Ntchito yotere ndi yoyenera ana: mwana aliyense apatsidwe chitsamba chake, achisamale, adzaone yekha chikuphuka.

Akulu adati mmera mpoyamba. Maluwa a m'Juni amakonzedwa m'Seputembala wa chaka chapitacho, ndipo amene ayamba kuwafuna mlendo ali pakhomo wachedwa. Tiyeni tsono, abambo ndi amayi, pamene tikuyendera abale m'chilimwe chino, tisabwerere chimanjamanja. Tipemphe nthambi ziwiri kapena zitatu, tizikulunge m'nsalu yonyowa, tidzazike kwathu. Chaka chamawa mwana wathu akamadzakwatiwa, maluwa a pa tebulo tidzathyola kuseri kwa nyumba yathu yomwe.