Funso loyamba la Socrates

Socrates wa ku Athens sanasiye buku ngakhale limodzi. Zambiri za iye timazidziwa kudzera mwa wophunzira wake, Plato. Amayi ake anali azamba, ndipo iye ankafanizira nchito yake ndi yawo: kuthandiza munthu kubala maganizo. Ankaphunzitsa pofunsa mafunso, mpaka m'caka ca 399 Khristu asanabadwe, pamene bwalo linamuweruza kuti afe, ati ankasoceretsa acinyamata.

M'buku la Plato lochedwa Meno, Socrates anajambulira kapolo wina wacinyamata, wosaphunzira masamu, cithunzi ca mbali zinayi zofanana, iliyonse mapazi 2. Malo a m'kati mwake anali 4. Nanga mbali italike bwanji kuti malowo akhale 8? Mnyamatayo anayesa mapazi 4, panatuluka 16. Anayesa 3, panatuluka 9. Socrates sanamukalipire. Anapitiriza kufunsa, mpaka mnyamatayo anaona kuti yankho lili pa mzere wolumikiza ngodya ziwiri zoyang'anizana.

Koma ife aphunzitsi tisaphonye cimene cinatsogola. Asanajambule kanthu, Socrates anafunsa mbuye wa kapoloyo ngati mnyamatayo amalankhula Cigiriki. Atamva kuti inde, anabadwira m'nyumba momwemo, m'pamene phunziro linayamba.