Khuthulani ndowa musanamtame Tyson

Loweruka lapitali chifunga chinaphimba phiri la Dedza mpaka m'munsi, ndipo ndinaima pa chiwaya pafupi ndi depoti kuti ndiwothe manja. Ndinapeza mkangano uli pakati. Mnyamata wa kabaza ankalumbira kuti woposa Mike Tyson sanabadwe. Bambo wina wogulitsa kabichi, wa ku Bembeke, ankati Tyson ankangomenya anthu otha kale. Atandiona anati, "Aphunzitsi afika, atilamule." Ndaphunzitsa achinyamata nkhonya zaka zambiri, ndakhalaponso pampando wa woweruza m'mbali mwa ring'i, ndiye ndikanathawira kuti? Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndinawafunsa zimene amachita akamagula mbatatesi m'mphepete mwa msewu wa M1. Kuno aliyense akudziwa kuti zikuluzikulu zimasanjidwa pamwamba pa ndowa, pansi pali zina. Wogula wochenjera amati, "Takhuthulani mayi, tione." Rekodi ya wankhonya ndi ndowa yomweyo.

Mukaona manambala atatu kutsogolo kwa dzina, loyamba ndi nkhonya zimene anapambana, lachiwiri zimene anagonja, lachitatu zimene analepherana ndi mnzake. Tyson posiya mu 2005 anali atapambana 50, mwa izo 44 mochita kugwetsa kapena kuimitsa mnzake, ndipo anagonja kasanu ndi kamodzi. Zija anachita ndi Jake Paul mu 2024 ali ndi zaka 58 zinalembedwa ndithu m'kaundula, koma ine sindiziwerengera. Manambala amenewa ndiwo mbatatesi za pamwamba. Sakuuzani kuti munthuyo anamenya ndani, wa zaka zingati, komanso kwa ndani.

Chinsinsi cha ntchito yathu ndi chakuti mdani sagwa kumwamba ngati mvula, amachita kusankhidwa. Mu mpira ligi imakukakamiza kukumana ndi timu iliyonse. Mu nkhonya pulomota amene waika ndalama pa mnyamata wake amamufunira anthu oti awamenye mpaka dzina likule. Alipo ankhonya amene ine ndimawatcha aganyu: amaitanidwa kwatsala masiku ochepa, amalandira kangachepe, amapirira maraundi angapo, n'kubwerera kwawo. Si amantha ayi, ndipo popanda iwo palibe mnyamata angaphunzire. Koma kupambana khumi pa anthu otere sikulemera ngati kupambana kamodzi pa katswiri amene ali pachimake. Mu 1985 mokha, chaka chake choyamba, Tyson anamenya kakhumi ndi kasanu ndipo onse sanamalize naye. Ndani mwa inu angatchule mayina atatu a anthu amenewo?

Tikakhuthula ndowa yake timapezamo zazikulu zenizeni. Mu November 1986 anagwetsa Trevor Berbick m'raundi yachiwiri n'kukhala katswiri wa heavyweight wamng'ono kuposa onse, ali ndi zaka 20. Mu 1987 anaphatikiza malamba atatu, a WBC, WBA ndi IBF, atapambana Tony Tucker yemwe anali asanagonjepo. Munthu wamfupi pakati pa zimphona, ankalowa mozemba, mutu ukuyenda uku ndi uku monga anamuphunzitsira Cus D'Amato. Ana amene ndimawaphunzitsa amangoona chibakera chomaliza. Ine ndimawabwezera kanemayo kumbuyo kuti aone mapazi.

Koma mayina awiri amene wa kabaza uja ankafuula nawo ali ndi pofunika kuyang'anitsitsa. Larry Holmes, amene Tyson anamuimitsa m'raundi yachinayi mu January 1988, anali ndi zaka 38 ndipo anali atakhala pafupifupi zaka ziwiri osalowa mu ring'i. Michael Spinks, amene anatha m'masekondi 91 mu June chaka chomwecho, anakulira mu light heavyweight, gulu losapitirira makilogalamu 79.4, ndipo sanamenyenso kuyambira tsikulo. Tyson atakumana ndi akuluakulu a m'badwo wake zinthu zinasintha. Buster Douglas anamugwetsa ku Tokyo mu February 1990 m'raundi yakhumi. Evander Holyfield anamuimitsa mu 1996, ndipo pobwereza mu 1997 ndi pomwe Tyson anamuluma khutu. Lennox Lewis anamumaliza ku Memphis mu 2002 m'raundi yachisanu ndi chitatu. Omuikira kumbuyo amati ndende, kuyambira 1992 mpaka 1995, inamudyera zaka zabwino. Nzoona. Koma Douglas anabwera ndende isanabwere.

Tsono tengani ndowa ya munthu wa pafupi nafe, Joseph Chingangu wa ku Zambia, heavyweight amene ankatchedwa "No Pressure". Mukangoona pepala lake mupeza kugonja kungapo, ndipo mukhoza kupitirira osaima. Khuthulani. Mu 1997 anamaliza maraundi onse ndi Julius Francis ku London polimbirana lamba wa Commonwealth, n'kugonja pa mapointi. Mu 1999 anapita ku Germany kukakumana ndi Wladimir Klitschko, amene pambuyo pake analamulira heavyweight zaka pafupifupi khumi. Mu 2001 anamuitanira ku Newcastle kuti akhale makwerero a Herbie Hide, yemwe anali atagwirapo lamba wa WBO kawiri. Makwererowo anamuimitsa Hide m'raundi yachiwiri. Hide anabwezera mu 2003, koma cha 2001 sichifufutika. Sindikunena kuti Chingangu akanalimba ndi Tyson. Francis yemweyo, amene anapambana Chingangu, Tyson anamupinda m'maraundi awiri ku Manchester mu 2000. Ndikunena kuti kugonja kwa munthu woyenda m'mabwalo a eni kumawerengedwa mosiyana ndi kugonja kwa munthu wosankhiridwa adani pakhomo pake.

Wathu weniweni ndi Isaac Chilemba, wobadwira ku Blantyre n'kukakulira ntchito ku Johannesburg, ngakhale iye ndi wa light heavyweight. Ndamvapo anthu akuti, "Chilemba uja amangoluza." Analuza kwa ndani? Mu March 2013 analepherana ndi Tony Bellew ku Liverpool, kwawo kwa Bellew. Mu July 2016 anapita ku Russia, kwawo kwa Sergey Kovalev, munthu amene panthawiyo anali ndi malamba atatu ndipo ankaopedwa chifukwa chogwetsa anzake. Chilemba anagwa m'raundi yachisanu ndi chiwiri, anadzuka, n'kumaliza maraundi onse 12. Mu 2018 anamalizanso 12 ndi Dmitry Bivol, yemwe mu 2022 anapambana Canelo Álvarez. Pamwamba pa ndowa imeneyi pamaoneka zowola, koma ikani pa sikelo muone.

Phunziroli ine ndinalilipira. Ndinali ndi mnyamata wochokera cha ku Linthipe amene anapambana kasanu ndi kamodzi motsatizana. Pulomota wina anandiimbira foni kuti ali ndi mdani amene wapambana kawiri kokha, wagonja kasanu ndi kanayi. Ndinavomera ndisanafunse kanthu. Munthuyo atafika ndinazindikira kuti kugonja kwake konse kunali kwa akatswiri, kunja kwa dziko, ndipo palibe anamugwetsapo. Mnyamata wangayo anaphunzitsidwa nkhonya maraundi asanu ndi imodzi pamaso pa abale ake amene anachita kubwera pa lole. Kuyambira pamenepo dzina lililonse ndimalifufuza pa BoxRec, kaundula wa nkhonya wa pa intaneti, ndimaona adani ake mmodzimmodzi, kenako ndimaimbira munthu amene anamuonapo ndi maso, poti nkhonya zina za kuno sizifika n'komwe pa intaneti.

Pa chiwaya paja anandikakamiza kuti ndigamule tchipisi chisanazizire. Ndinati bambo a kabichi akulakwa, Tyson wa 1986 mpaka 1988 sanali woseweretsa, ndipo akanavutitsa heavyweight aliyense amene anakhalako. Ndinati wa kabaza akulakwanso, chifukwa zaka zitatu si ntchito ya moyo wonse, ndipo Holyfield ndi Lewis, akuluakulu a nthawi yake, onse anamupambana. Pa mndandanda wanga Tyson ali pansi pa awiriwo, ndipo kwa Muhammad Ali ndi Joe Louis sayandikirako.