IMFA YA JOEL INAKWIYITSA OSEWERA MIYANDA-MIYANDA

Pa 19 Juni m'caka ca 2020, kampani ya ku America yochedwa Naughty Dog inatulutsa gawo laciwiri la sewero lake lochuka, The Last of Us. Anthu anali atalidikira zaka 7, ndipo pa masiku atatu okha anagula makope oposa mamiliyoni 4. Koma sabata lisanathe ambiri a iwo anali atatupa mitima, ena nafika poopseza kupha mai wina amene sanawalakwire kanthu. Kodi sewero lingakwiyitse bwanji anthu akulu-akulu motere?

Tiyambe tafotokoza za masewera amenewa, pakuti si mudzi uliwonse uli nao. Ali ngati kanema, koma munthu sangokhala duu n'kumapenya ai. Amalumikiza kabokosi kochedwa PlayStation ku wailesi ya kanema, nagwira m'manja kacipangizo ka mabatani. Akakanikiza batani, munthu wa pagalasi amayenda, amabisala kapena amaombera mfuti. Pa nthano ya madzulo omvera amangobvomera kuti "tiri tonse". Kuno womvera ndiye amayendetsa miyendo ndi manja a mwini nkhani. Sungani mfundo imeneyi, awerengi, cifukwa mlandu wonse wagona pamenepa.

Gawo loyamba linatuluka mu 2013. Limasimba za mliri wa bowa wochedwa Cordyceps. Bowa ameneyu alikodi, ndipo amamera m'matupi a nyerere, koma m'nkhaniyi wagwira anthu nawasandutsa zirombo zoluma anzao. Bambo wina dzina lake Joel anafedwa mwana wake wamkazi tsiku limene mliri unabuka. Patapita zaka 20 apatsidwa nchito yoperekeza Ellie, mtsikana wa zaka 14 amene analumidwa koma osadwala, kwa gulu la anthu ofuna kupanga katemera. Ulendo wao ucokera ku Boston kukafika ku cipatala ca ku Salt Lake City, ndipo utenga pafupi-fupi caka cathunthu. Pofika kumeneko Joel ali kumuona Ellie ngati mwana wake wobala yekha. Tsono amva kuti katemerayo sangapangike popanda kung'amba ubongo wa mtsikanayo. Joel atola mfuti, apha alonda, apha dotolo amene anali pafupi kuyamba nchitoyo, nathawa ndi mwanayo ali cikomokere. Atatsitsimuka Ellie, Joel amunamiza kuti madotolo analephera okha.

Osewera anamukonda Joel koposa, ngakhale anali munthu wa mwazi m'manja. Anayenda naye maola ambiri, ndipo dotolo uja anamupha ndi zala zao zomwe.

Ndiye linafika gawo laciwiri. Papita zaka zingapo, ndipo Joel ndi Ellie ali kukhala m'mudzi wa Jackson. Tsiku lina Joel ndi mng'ono wake Tommy apulumutsa mkazi wacilendo wochedwa Abby kwa odwala aja. Iye awatengera kumene kuli anzake, ndipo atangomva dzina lakuti Joel, amuombera mwendo, namumenya ndi ndodo ya gofu kufikira atafa, Ellie ali kupenya atamupanikiza pansi. Izi zicitika sewero litangoyenda maola awiri kapena kupitirira pang'ono, ndipo wosewera sanauzidwe cifukwa cake.

Ellie anyamuka ulendo wokalipsira ku mzinda wa Seattle. Kwa masiku atatu apha abwenzi a Abby mmodzi-mmodzi, kuphatikizapo mai woyembekezera ndi galu wao. Wosewera ali kuyembekeza kuti tsopano wakupha uja alipira. Pamenepo nkhani iima, ibwerera m'mbuyo masiku atatu omwewo, ndipo mabatani aja ayamba kuyendetsa Abby. Apa m'pamene zidziwika kuti dotolo amene Joel anapha anali atate ake.

Pafupi-fupi theka la sewero lonse munthu akakamizidwa kukhala Abby: kumuteteza, kumudyetsa, kuceza ndi anthu omwe iye mwini wangowapha kumene, ngakhale kuponyera mpira galu yemwe uja. Kumapeto kwa cigawo cimeneci afunikanso kumenya Ellie ndi manja a Abby, ndipo akakana nkhani sipita patsogolo. Osewera ena, cifukwa ca mkwiyo, anali kumugwetsa dala Abby kuphompho mobwereza-bwereza.

Mathero ake ndiwo anathira mcere pacironda. Ellie asiya bwenzi lake Dina ndi kamwana pa famu, natsata Abby mpaka ku Santa Barbara. Amenyana m'madzi a m'mphepete mwa nyanja, Abby amudula zala ziwiri ndi mano, ndipo pamene Ellie ali pafupi kumumiza, amuleka kuti apite. Abwerera napeza nyumba yopanda munthu. Atenga gitala amene Joel anamupatsa, koma ndi zala zotsalazo nyimbo siituluka. Ambiri anafunsa kuti: tapha anthu mazana-mazana panjira, nanga bwanji mmodzi yekha amene tinadzera wasiyidwa wamoyo?

Pa Metacritic, pamene anthu amapereka malikisi a masewera pa intaneti, akatswiri olemba nkhani analipatsa 93 pa 100, pamene osewera wamba m'masiku oyamba sanalifikitse ngakhale pa 4 pa 10. Kunena zoona, ambiri mwa opereka malikisi otsikawo anali asanalimalize, pakuti sewero lotenga maola oposa 20 analiweruza tsiku lomwe linatuluka. Mbali zina za nkhaniyi zinali zitaululika kale mu Epulo caka comweco, motero ena anabwera ali okwiya kale. Panalinso ena amene cinawanyansa ndi thupi la Abby lamphamvu ngati la mwamuna, kapena cikondi ca Ellie ndi mkazi mnzake. Zitacitika izi, eni Metacritic anaika lamulo lakuti osewera azidikira maola 36 asanapereke malikisi pa sewero latsopano.

Coipitsitsa cinagwera Mai Laura Bailey, amene analankhula mau a Abby. Analandira mauthenga owaopseza kuti aphedwa, ena ochula ngakhale mwana wao wamng'ono. A Neil Druckmann, amene analemba nkhaniyi pamodzi ndi Mai Halley Gross, naonso anatukwanidwa koopsa. Zimenezi n'zamanyazi, ndipo palibe nthano imene ingazilungamitse.

Komabe sitinganene kuti onse odandaula anali amwano. Alipo ambiri amene analimaliza sewero lonse mwaulemu nakhalabe okhumudwa, ndipo madandaulo ao ena ali ndi mutu. Loyamba ndi la malonda. Mu 2019 kampani inaonetsa kanema woitanira anthu momwe Joel anali kuoneka ali ndi Ellie paulendo, koma m'sewero lenileni pamalo pomwepo pali mnyamata wina wochedwa Jesse, Joel atafa kale. Munthu amene analipira madola 60 atakhulupirira cithunzi cimeneco ali ndi cifukwa comveka cakuti anene kuti anapusitsidwa.

Za imfa ya Joel, ife tiona kuti olemba sanalakwe. Munthu amene anapha atate a mwini wake, natsekera dziko lonse njira ya mankhwala, sakanatha kukalamba mwamtendere ngati kuti ngongoleyo inaiwalika. Polakwika ndi pa dongosolo la kasimbidwe. Wopenya kanema angathe kupirira kuona mdani wake ali kuseka ndi anzake, pakuti iye angopenya. Wosewera anauzidwa kuti abwereke mdaniyo manja ake kwa maola ambiri, maliro a Joel asanawalire n'komwe, ndipo anali asanapatsidwe mpata wakumudziwa Abby asanamude. Ena cifundo cinawagwira ndithu pambuyo pake, ndipo iwo amati ili ndi sewero lopambana onse; linalandiradi mphoto ya sewero la caka pa The Game Awards mu Disembala 2020, ndipo pofika 2022 linali litagulidwa makope mamiliyoni 10. Ena cifundoco sicinawafike, anangotopa.

Mu Epulo 2025 kampani ya HBO inayamba kuonetsa nkhani ya gawo laciwiriyi pa wailesi ya kanema, A Pedro Pascal ali Joel, Mai Kaitlyn Dever ali Abby, ndipo A Druckmann anali mmodzi wa oikonza. Joel anafanso ndithu. Koma ulendo uno Abby anaonekera poyambirira penipeni ali pa manda ku Salt Lake City, ndipo asanamuphe Joel anamuuza pamaso kuti dotolo uja anali atate ake.